Kodi tinyamuke usiku kuti tikafike msanga kumalo osungirako nyama?

Bambo wina wafunsa kuti: "Ndatenga tchuthi cha masiku anayi, kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, ndipo ndikufuna kutengera mayi akunyumba ndi ana athu atatu kumalo osungirako nyama zakutchire. Kuchokera mumzinda momwe timakhala ndi ulendo wa makilomita ngati 400. Galimoto yathu ndi yaing'ono, yotsika, si ija yokoka ndi matayala onse anayi. Ndikuganiza zonyamuka Lachinayi madzulo ndikaweruka kuntchito, tiyende usiku, kuti Lachisanu tikadzukire komweko. Kodi maganizo amenewa ali bwino? Galimoto yotere ikakwanitsa? Nanga tichite chiyani kuti ana akaone mikango, poti ndiyo akuilota?"

Bambo, mwaganiza chinthu chabwino, ndipo ana anu adzakula nawo ulendo umenewu m'mitima mwawo. Koma funso loyambalo ndiliyankha mosapita m'mbali: Lachinayi madzulo musanyamuke. Gonani kunyumba kwanu, mulawire Lachisanu m'mamawa. Si mantha a ngozi okha amene akundilankhulitsa chonchi. Ngakhale mutayenda bwinobwino usiku wonse, mukapeza geti la paki lili chitsekere, ndipo ana akagona m'galimoto kunja kwa mpanda.

Anthu ambiri pokonza ulendo wotere amawerengera kuchokera pakhomo pawo: tinyamuka nthawi yakuti, tikafika nthawi yakuti. Ine ndimalangiza kuyambira kumapeto. Dziwani kaye nthawi imene geti limatsekedwa, kenako muziwerengera chobwerera m'mbuyo mpaka mupeze ola lonyamukira. Mapaki ambiri a nyama salola galimoto za alendo kuyenda kukada. Ku Etosha, m'dziko la Namibia, mageti amatsegulidwa dzuwa likamatuluka n'kutsekedwa likamalowa. Ku Kruger, m'dziko la South Africa, nthawi imasintha ndi miyezi: kuyambira Meyi mpaka Julayi amatseka 5:30 madzulo, pomwe kuyambira Novembala mpaka Febuluwale amatseka 6:30. Paki imene mukupitayo ili ndi nthawi yakeyake, ndipo ili ndi funso loyamba kuwafunsa mukawaimbira foni.

Komanso kufika pa geti si kufika kogona. Misasa yambiri ya alendo ili mkati mwenimweni, ndipo nayonso imatsekedwa nthawi yomweyo. Ku Kruger komweko, kuchokera pa geti la Orpen kukafika kumsasa wa Satara ndi makilomita 48. Pamsewu waukulu ndi theka la ola basi. Koma mkatimo liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola pa tala ndi 40 pafumbi, ndipo gulu la njovu likaima pamsewu simuliimbira hutala, mumangodikira mpaka lichoke lokha. Alonda a pa geti akaona kuti nthawi yatsalayo sikukwanirani kukafika kumsasa, akhoza kukubwezani.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti geti limatsekedwa 6 koloko madzulo ndipo kogona kwanu kuli mkati. Patulani maola awiri oyenda m'paki, poti ana akangoona mbidzi yoyamba sakulolani kudutsa osaima. Patulani theka la ola la pa geti: kulembetsa, kulipira, kupita kuchimbudzi. Patulaninso maola awiri a zogwa mwadzidzidzi, monga tayala kuphulika kapena kupeza msewu ukukonzedwa. Ndiye kuti pa geti muyenera kufika cha m'ma 1:30 masana. Foni ikuuzani kuti makilomita 400 ndi maola asanu, koma foniyo sidziwa za ana atatu, sidziwa za malole oyenda pang'onopang'ono pachitunda. Werengerani maola 6 oyenda ndi ola limodzi lopuma. Mukachotsa onsewa, ola lanu lonyamukira ndi 6:30 m'mawa, galimoto itapakiridwa kale dzulo lake. Maola awiri apadera aja mukapanda kuwagwiritsa ntchito panjira, mukawadyera m'paki, poona nyama dzuwa litapendeka.

Za kuyenda usiku ndinenepo pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti mtima ukukuuzani kuti ndinu dalaivala wozolowera. Mukadzuka 5 koloko m'mawa kupita kuntchito, pofika 10 koloko usiku mumakhala mwatha maola 17 muli maso. Mu 1997 ofufuza a ku Australia adapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene mowa wafika pa 0.05 peresenti m'magazi mwake, mlingo umene m'mayiko ambiri ndi malire oyendetsera galimoto. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Kuti muone chinthu, muponde buleki, galimoto iime, pamafunika mamita ngati 80 pa tala youma, koma magetsi otsitsa saunika kufika patali chotero. Ndipo chigawo chomaliza cha ulendo wopita ku paki n'chimene chimakhala ndi ziweto pamsewu, anthu oyenda pansi, ndi nyama zotuluka m'tchire. Gawo lovutitsitsalo mukanaliyenda mutatopa kwambiri, banja lanu lonse lili m'tulo kumbuyo. Ngati simungapirire kudikira Lachisanu, pemphani kuweruka masana Lachinayi, muyende makilomita 150 kapena 200 kukuwala, mugone m'tauni ya panjira. Pamenepo ndiye mwafupikitsa ulendo popanda kuika moyo wa ana pachiswe.

Tsopano za galimoto. Yaing'ono ikhoza kukwanitsa ndithu, malinga ndi paki yake ndi nyengo yake. Misewu ikuluikulu ya ku Kruger ndi ya tala. Ya ku Etosha ndi yamiyala, koma m'chilimwe galimoto wamba zimadutsa. Pali mapaki ena, monga South Luangwa ku Zambia, kumene mvula ikagwa misewu yambiri ya mkati imasanduka thope ndipo misasa ina imatsekedwa mpaka kuume. Choncho mukaimba foni musafunse kuti "kodi msewu uli bwino?" Wokuyankhaniyo amayenda pa galimoto yaitali tsiku ndi tsiku, kwa iye msewu uli bwino nthawi zonse. Tchulani mtundu wa galimoto yanu, mufunse ngati yotere yadutsa sabata ino, ndiponso misewu iti ya mkati imene musalowemo. Kunja kukakhala kouma, chofunika kwambiri si kukoka ndi matayala anayi koma kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Ndipo kumbukirani kuti anthu asanu ndi katundu wawo amaitsitsanso. Chepetsani zonyamula.

Kugalaja pitani kutatsala sabata, osati mawa lake ndi ulendo. Galimoto yongochoka m'manja mwa makaniki imafunika kuyenda masiku angapo m'tauni kuti ngati pali nati yosamangitsa kapena paipi yodontha, zionekere pafupi ndi kwanu. Aone mabuleki, oilo, madzi oziziritsa injini, malamba a injini ndi batire. Matayala muone nokha. Tayala likhoza kuoneka labwino pamene lakalamba, ndipo zaka zake zimalembedwa m'mbali: manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT. Mwachitsanzo 2319 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6, makamaka lokhala ndi ming'alu m'mbali, si loyendera mtunda wautali kotentha. Mpweya muyeze m'mawa matayala asanatenthe, ndipo musaiwale sipeya, chifukwa ambiri amaitulutsa kutchire n'kupeza ilibe mpweya. Tulutsani jeke ndi sipanala pakhomo panu, muyese kumasula manati a tayala lililonse. Kugalaja amamanga ndi makina, ndipo ena samasuka ndi dzanja. Ndi bwino kudziwa zimenezi muli pabwalo panu. Tengani kathabwa kolimba koikapo jeke pamchenga, pampu, ndi tochi.

Mafuta dzazani m'tauni yomaliza musanalowe, ngakhale thanki itangotsika pang'ono. Kuyenda pang'onopang'ono m'magiya ang'onoang'ono, kuima ndi kunyamuka, choziziritsa mpweya chikugwira, zonsezi zimadya mafuta kuposa mmene mudazolowerera. Pamsewu wamiyala musapitirire makilomita 60 pa ola, ndipo buleki muziponda mofatsa, poti galimoto imatsetsereka pamiyala. Mukapeza madzi akuthamanga pamsewu, bwererani kapena dikirani. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha amatha kukokolola galimoto yaing'ono.

Zing'onozing'ono izi ndingodutsapo. Mapu muwasunge m'foni musananyamuke, kapena gulani apepala pa geti, chifukwa netiweki imasowa m'malo ambiri otere. Pachifukwa chomwecho makina olipirira ndi khadi akhoza kukana, ndiye khalani ndi ndalama zina m'thumba. Tengani ziphaso za aliyense, popeza mapaki ambiri amalipiritsa nzika mosiyana ndi alendo akunja. Malo ogona sungitsiranitu. Nthawi ya tchuthi cha sukulu amadzaza msanga, moti bungwe la SANParks, loyang'anira mapaki a ku South Africa, limayamba kulandira osungitsa malo kutatsala miyezi 11.

Tibwere ku mikango, pamene pali mtima wa ana anu. Pano ndikupemphani chinthu chimodzi: musawalonjeze. Paki si khola. Kruger yokha ndi yotalika makilomita ngati 360 kuchokera kumpoto kukafika kumwera, ndipo nyama zimayenda mmene zifunira. Mkango umatha kugona ndi kupuma maola ofika 20 patsiku, nthawi zambiri pamthunzi, m'udzu wofanana ndi ubweya wake. Mukhoza kuudutsa pa mamita khumi osauona. Mwana amene wauzidwa kuti akupita kukaona mkango amayang'ana nyamalikiti ndi maso ogwa ulesi, chifukwa si imene adalonjezedwa. Koma mwana amene wapatsidwa pepala ndi pensulo kuti azilemba nyama ndi mbalame iliyonse imene waiyamba kuona iye, amasangalala ndi njiri yothamanga mchira uli m'mwamba, amasangalala ndi nkhwazi pamtengo. Mkango ukaoneka, umakhala mphatso yoonjezera.

Mwayi wouona ulipo, ndipo mukhoza kuukulitsa. Choyamba ndi nthawi. Nyama zolusa zimayenda usiku, m'bandakucha ndi madzulo. Khalani pa geti la msasa pamene likutsegulidwa, ana atavala zofunda, kamba wa paulendo ali m'manja. Maola atatu oyambirira a tsiku amaposa maola onse a masana. Dzuwa likakwera bwererani kumsasa, ana adye, agone kapena asewere, mutulukenso cha m'ma 3 koloko. Mabanja amene amakakamiza ana kukhala m'galimoto tsiku lonse amabwerako atakangana, nyama osaziona.

Chachiwiri ndi liwiro. Malire akhoza kukhala 40 kapena 50, koma wofuna kuona amayenda pa 20 kapena 25. Gawanani ntchito: wina aziyang'ana kumanzere, wina kumanja, wina m'mitengo, poti nyalugwe amapuma panthambi mchira uli lende. Musamafunefune nyama yathunthu. Funani khutu logwedezeka, mchira, kapena chinthu chopingasa pakati pa mitengo yoima. Mukafika padziwe kapena pamtsinje, imikani galimoto, zimitsani injini, tsitsani magalasi pang'ono ngati malamulo alola, mukhale chete mphindi makumi awiri kapena atatu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amafika padziwe, amaona kuti palibe kanthu, amanyamuka, ndipo njovu zimatulukira fumbi lawo lisanakhazikike. Ku Okaukuejo, msasa wa ku Etosha, kuli dziwe lounikidwa ndi magetsi usiku kumene alendo amangokhala pabenchi, zipembere n'kumabwera zokha kudzamwa.

Chachitatu ndi kumvera tchire. Nswala zonse zikasiya kudya n'kuyang'ana mbali imodzi zikufwenthera, kumeneko kuli chinachake. Anyani akamakuwa ali m'mitengo, chimodzimodzi. Miimba ikadzazana pamtengo umodzi, pafupipo pali nyama yophedwa, ndipo mwini wake sakhala patali. M'mamawa, galimoto zisanadutse, mapazi a mikango amaoneka bwino pafumbi la msewu, ndipo amakuuzani kumene yalowera. Musachite manyazi kufunsa oyendetsa galimoto zina zimene aona. Ngati thumba lilola, lipirani ulendo umodzi wa pa galimoto ya paki yokhala ndi wotsogolera alendo. Iye amadziwa kumene gulu la mikango lidagona dzulo, ndipo m'mapaki ena ndi njira yokhayo yotulukira usiku. Funsiranitu za zaka za ana: ku Kruger osakwana zaka 6 saloledwa pa maulendo amenewa, ndipo osakwana zaka 12 saloledwa pa ulendo wapansi.

Simunatchule mwezi umene mukupita. M'chilimwe udzu umakhala waufupi, masamba amayoyoka, madzi amatsala m'malo ochepa ndipo nyama zimasonkhana pamenepo. Kwa banja lopita koyamba pa galimoto yotsika, imeneyi ndiyo nyengo yabwino. M'dzinja tchire limakongola, nswala zimaswa, mbalame zimachuluka, koma nyama zimamwazikana ndi kubisika. Walira mvula walira matope, ndipo galimoto yanu ndi matope sizigwirizana.

Malamulo a m'paki muwauze ana musanalowe, ndipo inu akuluakulu muwasunge poyamba. Musatuluke m'galimoto kupatula pamalo ololedwa, ndipo pasakhale wotulutsa mutu kapena mkono pawindo. Nyama zozolowera galimoto zimaiona ngati chinthu chimodzi chachikulu chosadyedwa. Munthu akatulukira kunja kwake, maonekedwe amasintha. Ana apite kuchimbudzi musanatuluke mumsasa, ndipo dziwiranitu pamapu pamene pali malo opumira. Ngati galimoto yawonongeka mkati, khalani momwemo, imbani nambala ya paki imene mudalemba pa geti, kapena imitsani galimoto yodutsa. Musayende pansi kukafuna thandizo.

Nyama imene ndikufuna muilemekeze kuposa mkango ndi njovu. Isiyireni mtunda, ndipo muime poti mukhoza kubwerera chammbuyo popanda chokutsekerezani. Musalowe pakati pa njovu yaikazi ndi mwana wake, musadule gulu pamene likuwoloka msewu. Ikatambasula makutu, kukweza mutu, kupukusa mutu kapena kuponya fumbi, ikukuuzani kuti mwayandikira kwambiri, ndiye bwererani pang'onopang'ono, opanda hutala, opanda kulizitsa injini. Yamphongo imene ikutuluka madzi akuda m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, mkodzo ukudontha m'miyendo yakumbuyo, ili m'nyengo yaukali. Imeneyo ipatseni msewu wonse. Nyama zodya udzu n'zimene anthu amazipeputsa. Ku Yellowstone, paki ya ku United States imene idakhazikitsidwa mu 1872, lamulo ndi kutalikirana mamita 91 ndi zimbalangondo ndi mimbulu, ndi mamita 23 ndi nyama zina, koma nyama imene yavulaza anthu ambiri kumeneko ndi njati ya ku America, chifukwa alendo amaiyandikira kuti ajambulitse. Ngati msasa wanu uli m'mbali mwa mtsinje, dziwani kuti mvuu zimatuluka usiku kudzadya msipu, ndipo munthu woima pakati pa mvuu ndi madzi ali pangozi yaikulu. Kukada ana asayende okha.

Anyani ndi apusi a pamalo odyera musawapatse kanthu, ngakhale ana atachonderera. Nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda, kenako kuluma, ndipo mapeto ake alonda amamuwombera. Chakudya chikhale chotsekeredwa, mawindo otseka mukachoka.

Zaumoyo ndi ziwiri. Kutentha: m'galimoto yotseka, yoima padzuwa, kumakwera madigiri ngati 10 m'mphindi khumi zokha, choncho mwana asatsale m'galimoto ngakhale kanthawi kochepa, ndipo madzi akumwa akhale ochuluka kuposa mmene mukuganizira. Malungo: mapaki ambiri a m'zigwa zotentha ali ndi udzudzu wambiri. Funsani adokotala musanapite ngati pakufunika mankhwala oteteza, makamaka kwa ana ang'ono kapena ngati mayi ali oyembekezera. Gonani m'neti, valani zamanja aatali madzulo. Malungo amaonekera patapita sabata kapena kuposerapo, mutabwerera kale kunyumba, ndiye wina akatentha thupi pitani kukayezetsa msanga, muwauze adokotala kumene mudali. Kumene kuli akashembe pewani zovala zakuda ndi zabuluu, chifukwa mitundu imeneyi imawakopa.

Masiku anu anayi agaweni chonchi: Lachisanu kupita, Loweruka ndi Lamlungu m'paki, Lolemba kubwerera. Gonani msasa umodzi usiku wonse utatu. Kusamukasamuka kumadya maola a m'mawa, amene ndi amtengo wapatali, pa kumanga ndi kumasula katundu. Mukakhala pamodzi mumayamba kudziwa dziwe lakuti, mtengo wakuti, ndipo tsiku lachiwiri maso a ana amakhala atazolowera tchire, amaona zimene dzulo adazidutsa.

Lolemba lija musalipeputse. Yesero limakhala lakuti tizungulireko komaliza, mwina mkango uoneka lero, ndipo mumatuluka pa geti 1 koloko masana, mutadzuka m'bandakucha masiku atatu otsatizana, makilomita 400 ali patsogolo. Pamenepo mwadzibwezera ku ulendo wausiku umene tidaukana poyamba. Njira yochokera kumsasa kupita pa geti ikhale ndiyo kuzungulira kwanu komaliza, ndipo pofika 9 koloko mukhale muli kunja. Mukangofika pa tala imani, muone matayala onse ngati miyala yawacheka m'mbali, musuzumire pansi pa galimoto ngati pali chodontha, muyezetse mpweya pomwetsera mafuta poyamba. Muzipuma maola awiri aliwonse, ndipo ngati mayi ali ndi laisensi, muzisinthana chiwongolero.